NKHOKWE YA UKALAMBA: PENSHONI IFIKE KWA MLIMI YEMWE



Nkhani ya lero ndi yonena za chakudya cha munthu amene mphamvu zamuthera. Aliyense amene wapulumuka ku matenda ndi ngozi za pa dziko adzafika pa tsiku limene khasu lidzamulemera, maso adzachita chidima, ndipo miyendo idzakana ulendo wa kumsika. Koma ngakhale manja atapuma pantchito, mimba sipuma. Chifukwa chake dziko lililonse liyenera kuyankha funso ili: kodi munthu ameneyu adzadya chiyani, ndipo adzamupatsa ndani?

Dziko la Malawi lidayankha kale funsoli m'malamulo ake kwa anthu amene amalandira malipiro pa mwezi. Kwa mlimi wa kumudzi, kwa msodzi wa kunyanja, kwa mayi wa geni pamsika ndi kwa bambo wokhalira ganyu, yankho lokwanira likadali kufunika. Motero ntchito imene ili patsogolo pa mtundu uno ndi ya mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kusamala penshoni ya anthu apantchito kuti isawonongeke. Mbali yachiwiri ndi kukhazikitsa penshoni ya nkhalamba zonse, yoperekedwa chifukwa cha msinkhu wokha, yochokera m'thumba la msonkho.

NKHOKWE YA MAKOLO

Makolo a mtundu uno sadali osadziwa za ukalamba. Adali nayo nkhokwe yawo, ndipo nkhokweyo idali mbumba. Munthu ankalera ana podziwa kuti anawo adzamulera. Mwini mbumba ankayang'anira alongo ake ndi ana awo, mkamwini ankagwira khasu m'munda mwa apongozi, ndipo munda wa nkhalamba ukachita thengo, mudzi unkauthira dima n'kuumaliza tsiku limodzi. Gogo naye sankadya zaulere. Atsikana ankagona kukuka kwake n'kumamva mwambo, milandu ya pabanja inkathera pakhonde pake, ndipo n'chifukwa chake kudali kunenedwa kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Nkhokwe imeneyi ikadalipo, ndipo m'midzi yambiri ndiyo ikusunga okalamba mpaka lero. Koma pali zinthu zitatu zimene zaifooketsa.

Choyamba ndi ulendo. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna zikwizikwi adapita ku migodi ya ku South Africa ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ena adabwerako, ena adatchona. Masiku ano achinyamata akuthamangira ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi ku Johannesburg, ndipo kumeneko ndalama ya lendi ndi ya ufa imatha mwana asanakumbuke za kumudzi.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa malo. Pa kalembera wa 1966 m'dziko muno mudapezeka anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 adapezeka oposa 17.5 miliyoni. Nthaka ndi yomweyo. Munda umene unkadyetsa banja limodzi wagawidwa kwa ana ndi adzukulu, ndipo mwana amene chimanga chake chimatha mwezi wa Disembala usanafike alibe chotapira amayi ake.

Chachitatu ndi mliri wa Edzi, umene udadziwika m'dziko muno kuyambira m'chaka cha 1985. Matendawa adatenga anthu a msinkhu wogwira ntchito n'kusiya ana ndi nkhalamba. Mwambo udatembenuka: gogo amene ankayembekeza kuleredwa ndiye adayambanso kulera, ndipo ambiri adasenza ana amasiye atatu kapena asanu ndi manja onjenjemera.

Umphawi wa nkhalamba suthera pa njala yokha. Munthu amene alibe kanthu kopereka amasanduka mtolo m'maso mwa abale, ndipo pakagwa maliro odzidzimutsa chala chimaloza iye. M'chaka cha 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira za ufiti. Zoterezi n'zamanyazi pa mtundu wonse, ndipo ngakhale apolisi ndi makhoti ali ndi mbali yawo, muzu wina wa nkhanzazi ndi kusowa kwa okalamba.

MITUNDU IWIRI YA PENSHONI

Pofuna kukamba bwino za mankhwala a vutoli, n'kofunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya penshoni, pakuti anthu ambiri amaisokoneza.

Mtundu woyamba ndi penshoni yosonkha. Wantchito ndi womulemba ntchito amaika ndalama pambali mwezi ndi mwezi, ndipo wantchitoyo amadzazidya atapuma. Dziko la Germany ndilo lidatsogola pa njira imeneyi m'chaka cha 1889, pa nthawi ya Otto von Bismarck, ndipo munthu ankayamba kulandira atakwanitsa zaka 70. Penshoni yotere imatsata malipiro: wolandira zambiri amasunga zambiri, wosalembedwa ntchito sasunga kanthu.

Mtundu wachiwiri ndi penshoni ya ukalamba, imene Boma limapereka kuchokera ku msonkho, osafunsa ngati munthu adasonkhapo. Dziko la Denmark lidayamba njira imeneyi m'chaka cha 1891, la New Zealand m'chaka cha 1898, ndipo la Britain lidakhazikitsa lamulo lake m'chaka cha 1908, lopatsa nkhalamba zosauka za zaka 70 masheleni asanu pa mlungu. Maganizo ake ndi akuti munthu amene wakalambira m'dziko waligwirira kale ntchito dzikolo, kaya dzina lake lidalembedwa m'buku la malipiro kaya ayi.

Mayiko ambiri amene adalongosola bwino za okalamba ali ndi mitundu iwiri yonseyi. Wachiwiriwu ndi maziko oletsa munthu kugwa mu umphawi wadzaoneni, ndipo woyambawo ndi khoma limene wantchito amamanga pamwamba pa mazikowo monga mwa mphamvu zake.

LAMULO LA PENSHONI M'MALAWI

Kwa zaka zambiri penshoni yodalirika m'dziko muno idali ya ogwira ntchito m'Boma ndi a m'makampani ochepa amene adafuna okha kusungira antchito awo. Zinthu zidasintha ndi lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2011. Lamulolo lidakakamiza olemba anthu ntchito kuika antchito awo pa penshoni. Pa K100 iliyonse ya malipiro, wolemba ntchito ayenera kusonkha zosachepera K10, ndipo wantchito zosachepera K5. Ndalamazi sizikhala m'manja mwa bwana. Zimapita ku thumba lapadera la penshoni, kumene akatswiri amazigwiritsa ntchito kuti ziswane, ndipo woyang'anira matumba onsewa ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Lamulo lidalamulanso kuti wantchito aliyense akhale pa inshuwaransi ya moyo, kuti akamwalira ali pantchito banja lake lisatsale padzuwa. Chinanso chabwino n'chakuti munthu akasintha ntchito, ndalama zake zimamutsata.

Ogwira ntchito m'Boma nawo adaona kusintha. Kale penshoni yawo yonse inkachokera mwachindunji m'thumba la Boma, iwo osasonkhapo. Kuyambira m'chaka cha 2017, achinyamata a m'Boma, a zaka 35 kutsika m'munsi, adalowetsedwa m'ndondomeko yosonkha, pamene akuluakulu adapitirira ndi dongosolo lakale. Kenaka m'chaka cha 2023 padabwera lamulo latsopano la penshoni. Lamuloli lidakweza gawo limene munthu angatenge nthawi imodzi popuma ntchito kuchoka pa K40 kufika pa K50 pa K100 iliyonse, ndiponso lidachepetsa nthawi imene munthu wochotsedwa ntchito amadikira asanatapeko gawo la ndalama zake, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa miyezi 3.

Awa ndi malamulo abwino. Koma nkhokwe, ngakhale itamangidwa ndi mmisiri wodziwa, ili ndi adani ake, ndipo adani a penshoni yosonkha alipo anayi.

Mdani woyamba ndi wolemba ntchito amene amadula K5 ya wantchito koma osaipereka ku thumba la penshoni. Reserve Bank of Malawi yakhala ikudandaula za mchitidwe umenewu chaka ndi chaka, ndipo pakati pa olephera kupereka pakhala pakupezeka ngakhale mabungwe ena a Boma. Ndalama imene yadulidwa pa malipiro a munthu si ya kampani, ndipo kuigwiritsa ntchito ina ndi kuba, ngakhale wakubayo atavala tayi. Choipa kwambiri n'chakuti wantchito amadzazindikira mochedwa, tsiku limene akupita kukatenga ndalama zake.

Mdani wachiwiri ndi wantchito mwini wake. Pali mawu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ambiri amawatsata pofuna kutenga ndalama zonse lero. N'zoona kuti munthu amene ntchito yamuthera ali ndi ana a sukulu ndiponso lendi yoti alipire, ndipo lamulo la 2023 lidamva kulira kwake. Komabe ndalama yotapidwa pa zaka 40 ndi mbewu yokazingidwa. Ambiri mwa ogwira ntchito m'Boma amapuma pa zaka 60, ndipo munthu wofika msinkhu umenewo angathe kukhalanso ndi moyo zaka 15 kapena 20. Minibasi yogulidwa ndi ndalama zopumira ntchito kawirikawiri sifika zaka zimenezo ili pamsewu.

Mdani wachitatu ndi kukwera mitengo kwa zinthu, amene ali ngati nankafumbwe: thumba limaoneka lodzaza koma m'kati muli gaga. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo m'mwezi wa Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Wantchito angathe kupempha kuti malipiro akwere, wamalonda angathe kukweza mtengo, koma wopuma ntchito alibe poti akakambirane. Chitsanzo choopsa chili ku Zimbabwe, kumene kukwera mitengo kosaneneka kwa m'chaka cha 2008 kudapukuta ndalama zimene anthu adasunga moyo wawo wonse, ndipo pakati pa ovutikawo padali ana ndi adzukulu a Amalawi amene adakalambira m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko. Vutolo lidakula kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma la dzikolo lidakhazikitsa bungwe lofufuza za penshoni ndi inshuwaransi zimene zidatayika. Phunziro lake n'lakuti kusunga mphamvu ya ndalama ya dziko ndi mbali ya kusamala okalamba, ndiponso kuti penshoni iyenera kumakwezedwa potsata mitengo ya zinthu.

Mdani wachinayi ndi kuchedwa. Si chinsinsi kuti aphunzitsi, anamwino ndi alangizi ena opuma ntchito akhala akudikira miyezi yambiri, ena zaka, asanalandire ndalama zawo. Mbali ina ya vutoli ndi kuchepa kwa ndalama m'thumba la Boma, koma mbali ina ndi fayilo yogona pa tebulo, kalata yosowa m'kabati, ndi kalaliki amene amauza nkhalamba yochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje kuti ibwerenso mawa. Amene ali pa tebulo limenelo lero akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

AMENE ALI KUNJA KWA MPANDA

Ngakhale adani anayiwa atagonjetsedwa, penshoni yosonkha ingathandize anthu ochepa okha. Kalembera wa 2018 adasonyeza kuti anthu pafupifupi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo ochuluka a iwo amadalira khasu. Mlimi alibe bwana womusonkhera K10. Ndalama zake zimabwera kamodzi pachaka, akagulitsa fodya, mtedza, soya, thonje kapena nandolo, ndipo zimathera ku feteleza, fizi ndi mankhwala.

Tsono mlimi ameneyu ndi yemwe wadyetsa dziko. Fodya amene wakhala akubweretsa ndalama zakunja kwa zaka zambiri adalimidwa ndi manja ake. Msonkho nawo amapereka, pakuti pogula chitenje, malata, batire kapena mafuta a njinga yamoto, msonkho uli kale m'kati mwa mtengo. Msonkho umenewo ndi womwe umalipira penshoni ya ogwira ntchito m'Boma a dongosolo lakale. Motero mayi wa kumudzi amathandiza kulipira penshoni ya mnzake wa muofesi, koma iye akakalamba salandira kanthu. Wantchito wa Boma woona mtima sangakhale ndi mtendere poona zimenezi, makamaka podziwa kuti mayiyo mwina ndi amayi ake omubereka.

Boma silidakhale chete. M'chaka cha 2006 ndondomeko ya Mtukula Pakhomo idayamba moyesera m'boma la Mchinji, ndipo pofika m'chaka cha 2018 idali itafika m'maboma onse 28. Poikhazikitsa, cholinga chidali kufikira mabanja 10 mwa 100 alionse, osaukitsitsa ndiponso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mabanja ambiri otere amatsogozedwa ndi nkhalamba, ndipo ndalamazo zathandiza kugula chakudya, mbuzi, nkhuku ndi yunifolomu ya ana. Ndi ntchito yoyamikika.

Komabe ndondomeko yosankha osauka ili ndi malire ake. M'mudzi umene pafupifupi aliyense ndi wosauka, kusankha mabanja 10 n'kusiya 90 kumabala kaduka, ndipo mfumu ndi komiti amanenedwa za kukondera ngakhale atayesetsa chilungamo. Agogo awiri oyandikana nyumba, ofanana msinkhu ndi usiwa, wina amalandira wina ayi, chifukwa chakuti winayo ali ndi mdzukulu wamphamvu amene mwina samuthandiza n'komwe. Ndiponso gawo lalikulu la ndalama za ndondomekoyi lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja, monga Germany, Ireland, European Union ndi World Bank. Thandizo la bwenzi n'labwino, koma chakudya cha makolo a mtundu sichiyenera kudalira mtima wa mlendo mpaka kalekale.

ZIMENE ANANSI ADACHITA

Ena amati penshoni ya nkhalamba zonse ndi ya mayiko olemera a ku Ulaya. Mbiri ya mayiko a mu Africa muno ikutsutsa zimenezo. Chilumba cha Mauritius chidayamba kupereka penshoni kwa okalamba onse m'chaka cha 1958, chisanalandire ufulu wodzilamulira, pamene chuma chake chinkadalira nzimbe zokha. Dziko la Namibia, litalandira ufulu m'chaka cha 1990, lidathetsa tsankho la khungu pa penshoni ya okalamba n'kuipereka mofanana kwa anthu a zaka 60. Dziko la Botswana lidayamba m'chaka cha 1996 kwa anthu a zaka 65. Zilumba za Zanzibar zidayamba m'chaka cha 2016 kwa anthu a zaka 70. Ngakhale pafupi pompa, m'boma la Katete ku Zambia, pakati pa Achewa, njira imeneyi idayesedwa kuyambira m'chaka cha 2007 m'madera ena, kwa anthu a zaka 60.

Chitsanzo choyenera kuchilingalira mofatsa ndi cha Lesotho. Ili ndi dziko laling'ono la m'mapiri, lopanda doko, ndipo monga Malawi lidatumiza amuna ake ambiri ku migodi ya ku South Africa ndiponso lidakanthidwa koopsa ndi Edzi. M'chaka cha 2004, Boma la Nduna Yaikulu Pakalitha Mosisili lidayamba kupereka penshoni kwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo, kupatula amene ankalandira kale penshoni ina ya Boma. Lidayamba ndi ndalama yochepa, maloti 150 pa mwezi, yochokera m'thumba la dziko lomwelo, ndipo lidaikweza pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Nzeru ya Abasotho idali pa zinthu zitatu: adaika msinkhu wokwera kuti olandira akhale ochepa, adayamba ndi ndalama imene thumba likanatha kupirira, ndipo sadadikire mlendo kuti awayambire.

Ndalama ya gogo sithera pa gogo. Ku South Africa, kumene penshoni ya okalamba akuda idafanana ndi ya azungu m'chaka cha 1993, katswiri wa zachuma Esther Duflo adapeza kuti m'mabanja amene agogo aakazi ankalandira penshoni, adzukulu aakazi ankakula bwino, pa msinkhu ndi pa sikelo pomwe. Aliyense wodziwa mudzi wa ku Malawi sangadabwe nazo. Kobiri lolowa m'mpango wa agogo limatuluka ngati phala la mwana, kope la sukulu, kapena malipiro a mnyamata wolima munda, ndipo limazungulira pa golosale ndi pachigayo cha m'mudzi momwemo.

NANGA NDALAMA YA MUNTHU ALIYENSE?

Pali maganizo ena amene akukambidwa kwambiri pa dziko lapansi, akuti Boma lizipereka ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa nzika iliyonse, mwana ndi wamkulu, wolemera ndi wosauka, popanda kufunsa kanthu. Maganizowa si oseketsa, ndipo adayesedwapo. Ku Namibia, m'mudzi wa Otjivero, mgwirizano wa mipingo ndi mabungwe a antchito, wotsogozedwa ndi Bishopu Zephania Kameeta, udapereka madola a ku Namibia 100 pa mwezi kwa munthu aliyense wosafika zaka 60, m'zaka za 2008 ndi 2009. Lipoti la oyendetsa ntchitoyo lidati ana onyentchera adachepa kuchoka pa 42 kufika pa 10 mwa 100 alionse m'chaka chimodzi, ndiponso kuti anthu adayamba timalonda monga kuphika buledi ndi kuumba njerwa. Akatswiri ena adatsutsa kawerengedwe kake, ndipo Boma la Namibia silidafalitse njirayo m'dziko lonse. Koma mantha akuti wosauka akapatsidwa ndalama amangomwera mowa sadatsimikizike.

Vuto la njira imeneyi kwa dziko ngati Malawi lili pa masamu. Chuma chonse chimene dziko limapanga pachaka chitagawidwa mofanana kwa anthu onse, aliyense angakhale ndi gawo lake. Boma litati lizipatsa nzika iliyonse limodzi mwa magawo asanu a gawo limenelo, pangafunike K20 pa K100 iliyonse ya chuma cha dziko. Ndalama imeneyo ndi yoposa msonkho wonse umene Boma limatolera pachaka, ndipo sipangatsale ya mankhwala, ya aphunzitsi kapena ya misewu.

Tsono masamu omwewo aikidwe pa okalamba okha. Malawi ndi dziko la achinyamata, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo adali pafupifupi anayi mwa 100 alionse. Kuwapatsa iwo okha ndalama yomwe ija kungafune matambala 80 pa K100 iliyonse ya chuma cha dziko. Kuyambira pa zaka 70, monga adachitira Abasotho, mtengowo ungatsikenso. Kusiyana kwa K20 ndi matambala 80 ndiko kusiyana kwa chinthu chosatheka lero ndi chinthu chotheka. Penshoni ya nkhalamba zonse ndiyo ndalama ya munthu aliyense imene dziko losauka lingakwanitse, pakuti aliyense wokhala ndi moyo adzailandira nthawi yake ikadzakwana.

MAFUNSO A OKAYIKA

Alipo amene amati Boma likayamba kudyetsa nkhalamba, ana adzaleka kusamala makolo awo. Koma mwana amene amathawa kholo amathawa mtolo umene sangathe kuusenza. Mtolowo ukapepuka, kubwera kumudzi sikuchititsanso mantha, ndipo gogo amene ali ndi kake amalandira alendo mwaulemu m'malo mopempha. Penshoni sichotsa udindo wa ana: kutunga madzi, kufolera nyumba ndi kudwazika matenda zidzakhalabe ntchito za mbumba.

Ena amafunsa kuti msinkhu wa munthu wobadwa kalekale, wopanda kalata ya kubadwa, udzadziwika bwanji. Kale funso limeneli lidali lovuta. Koma m'chaka cha 2017 anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa chitupa cha unzika, ndipo pachitupapo pali tsiku lobadwa. Pamene pali chikayiko, mafumu ndi akuluakulu a m'mudzi amadziwa amene adabadwa njala ya 1949 isanagwe ndi amene adabadwa itapita. Kudziwa msinkhu wa munthu n'kosavuta kusiyana ndi kuyeza umphawi wake.

Enanso amaopa chinyengo, ndipo mantha awo ndi oona. Ku Lesotho komweko kudapezeka mayina a anthu omwalira amene ankalandirabe penshoni. Mankhwala ake ndi kulemba imfa iliyonse msanga, kulumikiza buku la olandira ndi kaundula wa unzika, ndi kulipira kudzera ku banki kapena pa foni kuti ndalama isadutse m'manja ambiri. Palibe mlimi amene amaleka kumanga nkhokwe chifukwa choopa makoswe.

UDINDO WA ALIYENSE

M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu okalamba, loteteza ufulu ndi ulemu wawo. Pa nthawi imeneyo dziko lidali lisanakhale ndi penshoni ya nkhalamba zonse. Lamulo ndi chiyambi chabwino, koma limasanduka nsima pokhapokha ndalama zake zitalembedwa m'ndondomeko ya chuma ya chaka ndi chaka, ndipo zimenezi zimachitika anthu akazifuna ndi mtima wonse.

Aphungu ndi akuluakulu a ku Unduna wa Zachuma awerengere mtengo wake poyera, asankhe msinkhu woyambira, ayambe ndi ndalama yochepa imene sidzadukiza, ndipo alembe m'lamulo kuti izikwera potsata mitengo ya zinthu. Penshoni yotere ikhale ya nzika iliyonse, posayang'ana chipani, chigawo, mtundu kapena mpingo, pakuti ikangosanduka mphatso ya pa nthawi ya chisankho idzafa pamodzi ndi chisankhocho.

Ogwira ntchito m'Boma ayambe kukonza mapepala a munthu wopuma ntchito miyezi ingapo tsiku lake lisanafike, kuti mwezi umene malipiro aleka ukhale womwewo umene penshoni iyamba. Akuluakulu a makampani ndi mabungwe a Boma apereke zosonkha za antchito pa nthawi yake. Wantchito aliyense azifunsa chikalata chosonyeza ndalama zimene zili m'thumba lake chaka chilichonse, ndipo akaona kuti sizikufika akanene msanga kwa woyang'anira matumba a penshoni, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, pamodzi ndi mafumu, adziwe nkhalamba zonse za m'midzi mwawo, azithandize kupeza chitupa cha unzika, ndipo aime patsogolo kuziteteza pamene anthu ayamba kuloza zala za ufiti. Pa misonkhano afotokozere anthu kusiyana kwa penshoni yosonkha ndi penshoni ya ukalamba, kuti anthu adziwe chimene akupempha ndi mtengo wake.

Bwana Wapampando, amayi ndi abambo, mbadwo umene wakalamba lero ndi umene udalima, udaphunzitsa, udamanga misewu ndi kulera ana amasiye pa nthawi ya mliri. Ambiri a iwo alibe zaka zochuluka zodikira. Mayiko a anansi, ena a chuma chochepa, adasonyeza kuti kuwapatsa kanthu mwezi ndi mwezi n'kotheka. Akale adati kupatsa ndi kuika, ndipo nkhokwe imene mtundu uno udzamangire okalamba a lero ndi yomweyo imene onse okhala pa msonkhano uno adzatapemo mawa.